Mmene Tinagonekera Sikuta Yanga

Dokotala atandiuza kuti msana wanga ukufunika mpeni, choyamba kubwera m'mutu mwanga sichinali mkazi wanga kapena ana. Inali sikuta. Ndimachita nazo manyazi, koma ndi mmene zinalili. Iye ankandionetsa chithunzi cha mafupa anga pakompyuta, kuloza pamene kamnofu ka pakati pa mafupa awiri kanasefukira n'kupana mtsempha wopita kumwendo, ine maganizo ali panja, pamene ndinaiimika pansi pa mtengo.

"Tikakuchita opaleshoni, miyezi isanu osakwera," anatero m'Chingerezi. "Ngakhale kuikankha, ayi."

Sikuta imeneyo, kanjinga kanga kamoto, ndiyo inali khasu langa kuno ku Joni. Zaka zinayi ndinkaperekera nayo chakudya chimene anthu amaoda pafoni, kuchoka ku Randburg kumene ndimakhala, kupita ku Rosebank ndi kulikonse kumene foni yandiloza, bokosi lili kumbuyo, kaya mvula kaya dzuwa. Inali yofiira, yogula kwa munthu, yong'aluka pulasitiki ya kumanzere, koma sinandigonekepo panjira. Malata a nyumba yathu ku Ntcheu anachokera pa matayala ake awiriwo. Maenje a m'misewu ndi mahampu nawonso anatenga gawo lawo. Poyamba kunali kuwawa kwa m'chiuno, kenako dzanzi lotsika mwendo wamanzere mpaka kuchala chachikulu, ndipo tsiku lina pamaloboti ndinaponda pansi osamva kuti ndaponda.

Ndinkadziwa kuti sikutayo ikabedwa kapena kufa ili chiimire, ndidzatuluka m'chipatala ndili munthu wochira wopanda chochita. Komwe ndimakhala ndi pabwalo la mabanja asanu ndi atatu, geti lake lotseka ndi waya. Kumeneko chinthu chikakhala malo amodzi sabata ziwiri chimamera miyendo. Anzanga apantchito ankati ndibwereke munthu aziyendetsa. Ine ndinaonapo sikuta zobwereka zikubwerera kwa eni ake, ndipo sindinafune kuti yanga idzabwere ili choncho.

Amene anandithandiza ndi madala ena a ku Dedza omwe timapemphera nawo. Anabwera kuno ali mnyamata nthawi ya migodi, migodi itawatopetsa n'kupeza ntchito ya m'dimba pa nyumba ina ya mu esiteti, mpanda wa nyumba za anthu olemera, ku Fourways, ndipo akhala pamenepo zaka zoti ena mwa anzanga anali asanabadwe. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, woyenda ngati akuopa kudzutsa nthaka. Mabwana awo chaka chilichonse kuzizira kukamayamba amathawira kutsidya la nyanja, n'kukakhala kumeneko theka la chaka, nyumba yonse kuwasiyira iwo. Nditapempha mapemphero kutchalitchi, madalawo anandikokera pambali n'kundifunsa za sikuta, osati za msana. Patapita masiku awiri anandiimbira kuti abwana avomera, m'galaja muli malo.

"Mubwere nayo Loweruka," anatero. "Tidzaigoneke."

Ine ndinamva zanga. Ndinati munthu wamkulu wandichitira chifundo, ndisakamupatsenso ntchito, ndikonzeretu zonse ndekha. Ndipo akwathu a kuno ku Joni tikati kukonza chinthu kuti chikhalitse, timadziwa njira imodzi yokha, yomangira katundu wopita kumudzi. Pamenepo ndiye sitigonja. Timatha kukulunga firiji mpaka kuoneka ngati mtolo wa fodya. Aliyense wa ife anaimapo pamalo pokwezera katundu, kuona matransipota akusanja mabedi, njinga ndi migolo pa ngolo, ndipo malamulo ake timawadziwa: chamafuta uchikhuthule chisatenthe za anzako, chosweka uchichotse, pamwamba ulembe dzina ndi mudzi.

Ndiye Lachisanu masana ndinagwada pabwalo, msana ukulira, n'kupopa petulo yense m'thanki ndi kapaipi mpaka kudontha komaliza. Ndinamasula magalasi oonera kumbuyo n'kuwakulunga m'masokosi. Ndinafunditsa sikutayo mabulangete awiri, pamwamba pulasitiki yakuda, kenako tepi, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka mpukutu wonse unatha, pomaliza chingwe. Nditatha ndinadula chikatoni, n'kulembapo ndi cholembera chachikulu dzina la mkazi wanga, mudzi wathu, boma la Ntcheu ndi nambala yake ya foni. Ndinachimata kutsogolo, pamene pali nyali.

Ndinkadziuza kuti ndikutchinjiriza fumbi. Koma fumbi silifuna adiresi. Zoona zake n'zakuti ndinali ndi mantha aakulu. Ndaperekezapo mabokosi a maliro a akwathu angapo pano pa Joni, ena mwa iwo anthu amene analowa m'chipatala akuyenda okha. Za mpeni sindinkaziopa kwambiri. Ndinkaopa tulo timene amakugoneka tija, kuti munthu amapita kuti, ndipo ndani amamuuza kuti bwerera. Mkazi wanga ndinangomuuza kuti ndi kaopaleshoni kakang'ono, ngati kuchotsa dzino. Ndinkafuna kuti zikavuta, wina asavutike n'kumanga, angoinyamula n'kuikweza.

Loweruka m'mawa mnzanga wa ku Chipata amene ali ndi kabaki, kagalimoto konyamulira katundu, anandinyamulira mtolowo. Pageti la esiteti alonda anaupenyetsetsa nthawi yaitali, mpaka madala anachita kubwera okha kudzatitenga. Titautsitsa kutsogolo kwa galaja, mnzangayo anabwerera, ife n'kutsala awiri.

Madala anauzungulira mtolowo kamodzi, manja ali kumbuyo. Anaima pa chikatoni chija n'kuchiwerenga chonse pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. Kenako anandiyang'ana.

"Aphwanga, basi yake inyamuka liti?"

"Basi yanji, madala?"

"Ya katunduyu. Si wa ku Ntcheu uyu?"

"Ayi, ndangoti isalowe fumbi. Komanso, mukudziwa, za mawa sizidziwika."

"Hayikona, ayi ndithu," anatero, mwa chilankhulo chawo cha kumigodi. "Ine ndinauza abwana kuti ndikusungira munthu njinga yake. Sindinawauze kuti ndikusunga chuma cha masiye. Petulo alimo?"

"Ndachotsa yense," ndinayankha monyadira.

Anapukusa mutu n'kutulutsa kampeni kawo kodulira maluwa. Mtima wanga unawawa. Ntchito ya masana onse, ya munthu wodwala msana, ankaing'amba ngati thumba la zinyalala. Ndine munthu wapafupi kupsa mtima, ndipo mawu anali atafika kale pakhosi, koma ukakhala m'bwalo la eni umameza. Atachotsa pulasitiki anandigwira dzanja n'kuliika pa bulangete. Linali lonyowa, usiku umodzi wokha.

"Mwaona? Pulasitiki imachititsa chitsulo thukuta. Miyezi isanu muno, mukanadzapeza dzimbiri lokhalokha. Katundu wopita kumudzi amamangidwa kuti apirire masiku anayi a panjira. Ameneyu sakupita kulikonse. Akudikira mwini wake."

Chikatoni chija anachimatula, kuchipinda pawiri n'kundipatsa. Ine ndinachiponya ndekha m'bini.

Atatsegula chitseko cha galaja ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Ndinali nditalowapo m'magalaja ambiri a anthu olemera popereka chakudya, koma iyi inali ina. Munali magalimoto awiri aakulu, lililonse lofunda nsalu yoyera. Pansi pa nsaluzo pankatuluka timawaya topita kukhoma, kumene timagetsi tiwiri tobiriwira tinkaphethira mwakachetechete. Pansi panali poyera moti ukhoza kuyanikapo ufa. Munalibe fungo la chinthu chotayidwa. Munali bata longa la m'chipinda mmene mwagona ana, moti ndinapezeka ndikunong'ona osauzidwa.

"Awa ndimawagoneka chaka chilichonse," anatero madala. "Abwana akatsika ndege, amangotembenuza kiyi. Sanandiimbirepo makanika."

Anathira petulo pang'ono wa m'kachigubu kofiira, n'kundiuza kuti ndibwezere magalasi, ndipite kokathira mafuta, ndikadzaze thanki mpaka pakamwa. Anandipatsanso kabotolo ka mankhwala oletsa petulo kusasa, kuti ndikayambe kuthira amenewo.

"Kudzaza? Chinthu choti chingokhala?"

"Thanki yopanda kanthu imadzaza mpweya. Kukazizira m'mawa mpweyawo umasanduka madzi, madzi n'kudya chitsulo kuchokera m'kati, inu kunja mukuona penti yowala. Ikadzaza, madzi alibe pokhala. Mukathira musabwere msanga. Muzungulire kaye, injini itenthe bwinobwino."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Zaka zinayi ndinali ndisanakwerepo sikutayo popanda foni kundithamangitsa. Tsiku limenelo foni inali m'thumba, bokosi lopanda kanthu, palibe wondidikira ndi njala. Unali mwezi wa Meyi, kumwamba kuli mbee, kamphepo kozizira kakulowa m'manja a jekete. Misewu yomweyo imene ndinkaidutsa tsiku ndi tsiku ndikutukwana mataxi, ndinaiona koyamba. Kunali mitengo yofiira masamba mbali zonse, ndipo pachitunda china mzinda wonse unaonekera patali ndi nsanja zake. Ndinadabwa kuti ndakhala m'malo okongola chonchi osadziwa. Ndinamvanso injini pansi panga, kugunda kwake kosaphonya, kanthu kakang'ono ngati poto kamene kanandinyamula ine ndi banja langa lonse. Ndinafika pageti maso ali onyowa, n'kunamizira mphepo.

Madala anali atayala kale chikatoni pansi, masipanala atawandandalika mwa ukulu wake. Ine anandikhazika pa chitini cha penti n'kundiletsa kugwada.

Anayamba ndi oilo, injini ikadali yotentha. Anamasula bawuti ya pansi, oilo wakuda bii n'kutsikira m'beseni. Ndinati oiloyo anali asanathe ntchito, akanatha kudikira kuti ndidzasinthe ndikadzachira. Iwo anati oilo wakale amakhala ndi zonyansa zimene zimaluma chitsulo injini ikangokhala, ndipo palibe amene amagoneka mwana asanamusambitse. Anathira watsopano n'kuliza injini pang'ono kuti afike paliponse. Atazimitsa anatenga sikuludiraiva, n'kufika nayo pa kabuleta, kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Anamasula kasikuluwu ka pansi pake, petulo wokwana theka la kapu n'kutuluka.

"Mwandiuza ndidzaze, pano mukukhuthulanso?"

"Wa m'thanki ndi wambiri, amadzisunga yekha. Wa muno ndi wochepa, amauma n'kusiya zomata ngati manyuchi, timabowo tonse n'kutsekeka. Ambiri zimawafera pamenepa."

Ndinasiya kutsutsa. Safunsa anadya phula, koma ine mafunso anga anali a munthu wofuna kupambana, ndipo ndinaona kuti sindipambana. Ndinangokhala n'kumayang'ana manja awo. Anali manja okhakhala, zala zopindika, chala chimodzi chopanda chikhadabo chimene chinatsala kumgodi, koma ankagwira kabawuti kalikonse ngati dzira. Anachotsa pulagi, n'kuthira m'bowo lake kasupuni kamodzi ka oilo. Kenako anagwira kiki, chitsulo chopondera poliza injini, ndi dzanja, osati ndi phazi, n'kuitsitsa pang'onopang'ono kanayi, khutu ali nalo pafupi, kumvetsera oiloyo akuyenda m'kati. Ine sindinamve kalikonse. Iwo anagwedeza mutu kuti wafika.

Batire anaichotsa, kupaka mafuta odzola pa mitu yake, n'kuiika pa thabwa pafupi ndi khoma. Anailumikiza ku kachaja kakang'ono, kagetsi kachitatu kobiriwira n'kuyamba kuphethira pambali pa tiwiri tija. Anapopa matayala, kuimika sikutayo pa sitandi yapakati, n'kulowetsa chidutswa cha mtengo pansi kuti tayala lakutsogolo nalonso lisagunde simenti, chifukwa tayala likalemedwa malo amodzi miyezi yambiri limaphwatalala. Anaitsuka yonse, kuipukuta, kudontheza oilo pa timawaya ta mabuleki. Pomaliza anatenga waya wotsukira mapoto n'kutseka naye kukamwa kwa ekizozi ndi polowera mpweya, n'kumangapo tinsanza tofiira.

"Makoswe a mu esiteti ndi onenepa kuposa a ku Randburg," anatero. "Nyengo yozizira amafuna nyumba, ndipo lendi salipira."

Ntchito yonseyi inatenga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sanathamange pena paliponse, sanabwererenso pena paliponse. Ine ndinakhala pa chitini chija ndikuzizwa. Munthu ameneyu kutchalitchi amakhala kumbuyo, anthu amangomudziwa kuti ndi wa m'dimba, ndipo ineyo ndinkamupatsa moni wa pamwamba, wa munthu wothamangira oda. Sindinkadziwa kuti pali luso lotere padziko, losiya chinthu chili chete koma chamoyo.

Atatha anandipatsa pepala ndi bolopeni.

"Lembani zimene tachita, kuyambira chomaliza kubwerera m'mbuyo. Pamwamba mulembe kuti Podzutsa."

"Si bwino mulembe ndinu, madala? Ndinu mukuzidziwa."

"Ine ndikuzidziwa kale. Wodzawerenga ndi inu."

Ndinalemba. Kuchotsa waya ku ekizozi. Kuchotsa waya polowera mpweya. Kutsitsa tayala. Kubwezera batire. Pamene ndinkalemba ndinazindikira kuti kuyambira tsiku lija la kwa dokotala, aka kanali koyamba kuganiza za chinthu chimene ndidzachite ine mwini opaleshoni itadutsa. Pepalalo analimangirira pa handulo. Anatenga nsalu yakale ya pabedi, ya thonje, yoti mpweya uzidutsa, ndipo tinagwira wina uku wina uku n'kuifunditsa. Inaima pamenepo pambali pa magalimoto a mabwana, kamtolo kakang'ono koyera, ngati nayonso ndi ya pabanjapo.

Madzulo ake ndinaimbira mkazi wanga n'kumuuza zoona, kuti si dzino ayi, ndi msana, ndipo adzandigoneka maola angapo. Anandikalipira mpaka foni inatentha, kenako analira, kenako tinapemphera.

Opaleshoni inali Lachiwiri m'mawa. Za m'chipindamo ndikukumbukira zochepa: kuzizira, magetsi aakulu, ndi mayi wina wovala zobiriwira amene ntchito yake inali yogoneka anthu. Anayang'ana kachubu ka pamkono panga, n'kuyang'ana makina, n'kubwereranso pa kachubu, mosafulumira. Anandifunsa kumene ndimachokera. Nditati ku Malawi, anati ndimuuze dzina la mudzi wathu. Sindikudziwa ngati ndinalimaliza. Chotsatira chinali denga lina, pakhosi pouma, ndi namwino akunditsina chala chachikulu cha kumwendo wamanzere.

"Ukumva?"

Ndinkamva. Patatha chaka chathunthu chala chimenecho chili ngati cha munthu wina, ndinamva zikhadabo za namwinoyo, zakuthwa, zowawa. Ndinamupempha kuti atsinenso. Mpaka lero sindimvetsa kuti anthu anaphunzira bwanji kuzimitsa munthu, kumutsegula kumsana, kukonza pafupi ndi mtsempha wopyapyala ngati ulusi, kumutseka, n'kumuyatsanso. Ndimangoti Mulungu anagawa nzeru, ndipo sanagawire ine ndekha.

Kuchira ndiye kunali ntchito ina. Sabata zoyamba ndinkayenda kuchoka pabedi kufika pakhomo ngati nkhalamba, kuvala nsapato kuchita kupempha anansi. Munthu wozolowera kuthamanga ukamukhazika pansi amasanduka mfiti. Ndinkakangana ndi aliyense pabwalopo, za ndowa, za wailesi, za ana osewera pafupi ndi chitseko changa. Ndikamva sikuta za anzanga zikudutsa mumsewu mtima unkachita kuti myuu. Anzangawo akabwera kudzandiona ankandiopsezanso, amvekere injini ikakhala osalira imauma, uziuza madalawo aziiliza m'mawa uliwonse mphindi zisanu. Ndinaimba foni.

"Madala, mwina muziiliza pang'ono."

"Ayi."

"Anzanga akuti imauma."

"Anzanuwo agonekapo zingati? Kuiliza mphindi zisanu ndi kuipha. Siitentha mokwanira, imangopanga madzi m'kati n'kudya batire. Chogona chisiyeni chigone. Inuyo adokotala anati muzithamanga mphindi zisanu m'mawa uliwonse kuti muone ngati msana ulipo?"

Ndinadula foni nditakwiya, chifukwa dzulo lake lomwelo ndinali nditayesa kunyamula ndowa ya madzi kuti ndione ngati ndachira, n'kugona masiku awiri ndikubuula. Sindinawauze zimenezo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuchita zimene a chipatala anandiuza, zokhazo basi: kuyenda pang'ono, kugona chagada, kukweza mwendo kakhumi, mawa lake chimodzimodzi. Kuzizira kunadutsa, mphepo ya fumbi ya Ogasiti inadutsa, mvula yoyamba inagwa ndi matalala ake. Mu Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, dokotala anandipinditsa uku ndi uku n'kunena kuti ndikhoza kuyesa, koma maulendo afupiafupi.

Ndinapita ku Fourways pa taxi, helimeti ili pamiyendo. Mabwana anali atatsala sabata imodzi kuti abwere, ndipo madala anali atayamba kale kudzutsa nyumba, mazenera onse ali otsegula. M'galaja tinachotsa nsalu ija. Panalibe dzimbiri ngakhale kadontho. Inali yoyera kuposa tsiku limene ndinaigula, moti ndinachita manyazi kuigwira.

Ulendo uno madala ndi amene anakhala pa chitini cha penti, manja atapinda. Ine ndinatsata zimene ndinalemba, chimodzichimodzi, ndikugwada mosamala ngati mmene anandiphunzitsira a chipatala. Pa waya wa ku ekizozi panali timano ta khoswe, koma sanadutse. Nditabwezera batire n'kutembenuza kiyi, timagetsi ta pa handulo tinayaka. Ndinafuna kudina batani nthawi yomweyo.

"Dikirani. Kabuleta ndi youma. Pondani kiki pang'onopang'ono kangapo, petulo atsike yekha."

Ndinaponda ndi mwendo wamanzere, dala. Kasanu, kasanu ndi kamodzi. Kenako ndinadina. Inakhosomola n'kuzima. Ndinadinanso, n'kukhosomolanso kawiri, n'kuzima. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Ndinaganiza za ana, za miyezi isanu ya kudya za anansi, za mawa. Ndinayang'ana madala. Iwo ankayang'ana pansi, khutu atalozetsa ku injini.

"Kenanso."

Ulendo wachitatu inagwira. Utsi wabuluu wa kasupuni ka oilo kaja unadzaza m'galaja, kenako unatha, injini n'kukhazikika pa kugunda kwake kwakale, kosaphonya, ngati ndinaizimitsa dzulo. Ndinaika dzanja pa mpando n'kumamva kunjenjemera kwake kukukwera mkono mpaka pachifuwa. Ndinalira poyera, osanamiziranso kanthu. Chitsulo chimene chinakhala chete nyengo yonse yozizira, ndi ine amene ndinatsegulidwa msana, tonse awiri tinalipo.

Titazimitsa ndinakhala pansi pambali pawo. Panali funso limene ndinalisunga miyezi yonseyi.

"Madala, tsiku lija munadziwa bwanji kuti ndidzabwera? Munalibe ngakhale kukayika."

Anapukuta zala ndi kansanza.

"Ndani anakuuzani kuti ndinkadziwa? Kumgodi ndinatsika ndi anthu ambiri amene sanakwerenso. Sindinkadziwa kanthu, aphwanga." Analoza ndi chibwano panja, pa bwalo la kapinga. "Lachiwiri lanu lija ndinatchetcha apo kuyambira m'mawa. Nditamaliza ndinayambiranso. Mwezi umene uja kapinga sakula, panalibe chotchetcha. Alonda anachita kubwera kudzafunsa ngati mutu wanga uli bwino. Ndinazimitsa makina otchetchera pamene a kutchalitchi anaimba kuti mwadzuka."

Ndinawagwira dzanja ndi manja anga onse awiri, iwo n'kulichotsa msanga, amvekere ndichedwetsa ntchito, mawindo akuwadikira. Ndinavala helimeti n'kuitulutsa sikutayo m'galaja pang'onopang'ono. Pokhota kulowera kugeti ndinayang'ana pagalasi. Anali ataima pakati pa msewu, kansanza kali m'manja, mutu atapendeketsa, akumvetserabe injini.